Kutseka ndi kusaina mafayilo ndi makiyi awiri mu Python pogwiritsa ntchito PyNaCl

Tiyerekeze kuti nthambi ya ofesi ikutumiza lipoti la ndalama ku likulu mwezi ndi mwezi, ndipo fayiloyo imadutsa pa imelo kapena pa seva ya anthu ena. Likulu likufuna zinthu ziwiri: wa m'njira asawerenge, komanso pasapezeke wina wotumiza lipoti labodza m'dzina la nthambi. Malangizowa akusonyeza mmene mungachitire zimenezi ndi laibulale ya PyNaCl.

Munthu aliyense amakhala ndi makiyi awiri obadwa pamodzi. Wina ndi wapoyera, amene mumagawira aliyense, winayo ndi wachinsinsi, amene sachoka pa kompyuta yanu. Zili ngati kugawa maloko osatseka kwa anthu ambiri pomwe kiyi wa malokowo muli naye nokha: aliyense akhoza kutseka bokosi n'kukutumizirani, koma wotsekula ndi inu basi. Nzeruyi anaifalitsa Whitfield Diffie ndi Martin Hellman mu 1976, ndipo mu 1977 Ron Rivest, Adi Shamir ndi Leonard Adleman a ku yunivesite ya MIT anapanga RSA, njira yotsekera ndi kusainira ndi makiyi awiri.

Ambiri akamva za makiyi awiri amathamangira ku RSA. Pa pulogalamu yatsopano sitikulimbikitsa zimenezo. Kiyi wa RSA wa ma bit 2048 wokhala ndi OAEP ndi SHA-256 amatseka ma byte 190 okha, choncho mumakakamizika kumangapo zina nokha. Mumafunikanso kusankha padding (njira yokonzera uthenga usanatsekedwe, monga OAEP), ndipo yakale ya PKCS#1 v1.5 ili ndi bowo limene Daniel Bleichenbacher anaonetsa mu 1998 koma likupezekabe m'mapulogalamu mpaka pano. PyNaCl imakulanda mwayi wosankha molakwika. Pansi pake pali libsodium ya Frank Denis, imene inachokera ku NaCl ya Daniel J. Bernstein, Tanja Lange ndi Peter Schwabe. Zonse anasankhiratu: X25519 pogwirizana kiyi, XSalsa20 potseka, Poly1305 pozindikira ngati uthenga wasinthidwa, Ed25519 posaina. Masamu amenewa sindiwo amagwetsa anthu. Mapulogalamu amagwera pa kasungidwe ka kiyi wachinsinsi, pa kukhulupirira kiyi wapoyera wa munthu wolakwika, ndi pa kusankha chida chosagwirizana ndi ntchito.

## 1. Ikani laibulale

```
python3 -m venv .venv
source .venv/bin/activate
pip install pynacl
python -c "import nacl; print(nacl.__version__)"
```

Poika mumalemba `pynacl`, koma m'kodi mumaitana `nacl`. Pa Linux, Windows ndi macOS zofala, pip imatsitsa phukusi lokonzedwa kale lomwe lili ndi libsodium mkati. Mukaona ikuyamba kumanga yokha kenako n'kulephera, ndiye kuti makina anu alibe phukusi lotere ndipo akusowa `gcc`, `make`, `python3-dev` ndi `libffi-dev`. Kawirikawiri kungosintha pip kukhala yatsopano kumathetsa vutoli.

## 2. Pangani makiyi

Mufunika mapeyala awiri osiyana, ina yotsekera, ina yosainira.

```python
from nacl.public import PrivateKey
from nacl.signing import SigningKey

wotsekulira = PrivateKey.generate()
wotsekera = wotsekulira.public_key

wosainira = SigningKey.generate()
wotsimikizira = wosainira.verify_key
```

Kiyi aliyense mwa anayiwa ndi wa ma byte 32. Likulu limafunika peyala yoyamba chifukwa ndilo lolandira, nthambi imafunika yachiwiri chifukwa ndiyo yosaina. Laibulale ili ndi njira yosandutsa kiyi wa Ed25519 kukhala wa X25519, koma ngati palibe chokukakamizani isiyeni. Makiyi osiyana amakulolani kusintha wina osakhudza mnzake.

`generate()` imatenga manambala osalosereka kuchokera ku operating system. Musaidutse. Module ya `random` ya Python imagwiritsa ntchito Mersenne Twister, ndipo munthu amene waona manambala ake 624 otsatizana akhoza kuwerengera onse otsatira. Musapangenso kiyi ndi `sha256(pasiwedi)`, chifukwa wakuba amangoyesa mapasiwedi mamiliyoni pa sekondi imodzi mpaka akumane ndi wanu. Kuopsa kwa manambala ofooka kunaoneka mu 2008, pamene kunapezeka kuti OpenSSL ya mu Debian, kuyambira mu 2006, inkangodalira nambala ya process popanga makiyi. Pa mtundu uliwonse wa kiyi panali makiyi otheka pafupifupi 32,768 okha, ndipo anthu anangopanga mndandanda wa onse.

Makiyi apangidwe kamodzi, pa kompyuta imene adzagwirepo ntchito. Likulu lisapangire nthambi kiyi wosainira n'kuitumizira pa imelo: kiyi amene wadutsa m'manja mwa anthu awiri sasonyezanso kuti wasaina ndani.

## 3. Sungani kiyi wachinsinsi

Kiyi ameneyu asalembedwe m'kodi. Akangolowa mu Git, kumufufuta mu commit yotsatira sikuthandiza chifukwa mbiri yonse imatsala, ndipo pa GitHub pali mapulogalamu oyendayenda amene ntchito yawo ndi kusaka makiyi otayidwa chonchi. Zikachitika, kiyiyo muoneni ngati wabedwa kale, pangani wina.

Pa kompyuta ya munthu, tsekani kiyi ndi pasiwedi musanamulembe pa disiki:

```python
import os
from nacl import pwhash, utils
from nacl.secret import SecretBox

def kiyi_wa_pasiwedi(pasiwedi, salt):
    return pwhash.argon2id.kdf(
        SecretBox.KEY_SIZE, pasiwedi, salt,
        opslimit=pwhash.argon2id.OPSLIMIT_MODERATE,
        memlimit=pwhash.argon2id.MEMLIMIT_MODERATE)

def sungani(kiyi, pasiwedi, fayilo):
    salt = utils.random(pwhash.argon2id.SALTBYTES)
    bokosi = SecretBox(kiyi_wa_pasiwedi(pasiwedi, salt))
    fd = os.open(fayilo, os.O_WRONLY | os.O_CREAT | os.O_EXCL, 0o600)
    with os.fdopen(fd, "wb") as f:
        f.write(salt + bokosi.encrypt(bytes(kiyi)))

def werengani(pasiwedi, fayilo):
    with open(fayilo, "rb") as f:
        zonse = f.read()
    bokosi = SecretBox(kiyi_wa_pasiwedi(pasiwedi, zonse[:16]))
    return bokosi.decrypt(zonse[16:])
```

Fayilo yotuluka ikhale ya ma byte 88: salt (ma byte amwayi osakanizidwa ndi pasiwedi) 16, nonce (nambala yogwiritsidwa ntchito kamodzi kokha potseka) 24, chizindikiro cha Poly1305 16, kiyi 32. Mukapeza nambala ina, penapake palakwika. `werengani` imabweza ma byte 32 aja, amene mumawapereka ku `PrivateKey` kapena ku `SigningKey`.

Argon2id, imene imasandutsa pasiwedi kukhala kiyi, anaipanga dala kuti izichedwa ndi kudya memory, kuti woyesa mapasiwedi avutike. Mlingo wa `MODERATE` umadya 256 MiB, wa `INTERACTIVE` 64 MiB, wa `SENSITIVE` 1 GiB. Mukapanda kutchula mlingo, PyNaCl imatenga `SENSITIVE`, ndipo pa laputopu yakale kapena pa seva yaing'ono ya 1 GB pulogalamu imangofa. Mlingo umene munasungira ndi umenenso muyenera kuwerengera. Mukadzausintha m'kodi, mafayilo akale sadzatsekuka ngakhale pasiwedi ali wolondola, ndiye ndi bwino kuulembanso m'fayilomo.

`O_EXCL` imakana kulemba pamwamba pa fayilo imene ilipo kale. Kachinthu kakang'ono, koma kamateteza ku ngozi yoipa: kuyendetsa kodi yopanga makiyi kachiwiri n'kufafaniza kiyi wakale, zomwe zimasiya mafayilo onse otsekedwa kale opanda wotsekula. `0o600` imapereka chilolezo kwa mwini fayilo yekha pa Linux ndi macOS. Pa Windows nambalayi siteteza chimodzimodzi, muyenera kukonza zilolezo za foda.

Pa seva palibe munthu wolemba pasiwedi usiku, ndipo kusunga pasiwedi m'fayilo yoyandikana ndi kiyi n'kudzinamiza. Kumeneko dalirani zilolezo za fayilo, akaunti yapadera ya pulogalamuyo, kapena malo osungira zinsinsi ngati HashiCorp Vault. Kiyi wotsekulira wa likulu akhale ndi kope lina pa flash yosungidwa mu sefa. Akatayika, palibe amene angabwezeretse mafayilo. Kiyi wosainira akatayika, vuto ndi lochepa: pangani wina, lengezani.

## 4. Patsanani makiyi apoyera, ndipo atsimikizeni

Apa ndi pamene mapulogalamu ambiri olembedwa bwino amagwera, chifukwa palibe uthenga wa error umene umakuchenjezani.

```python
from nacl.encoding import Base64Encoder
from nacl.public import PublicKey

mawu = wotsekera.encode(Base64Encoder)
kiyi = PublicKey(mawu, encoder=Base64Encoder)
```

Mu Base64 kiyi amakhala wa zilembo 44, chomaliza ndi `=`. Mu hex amakhala wa zilembo 64. Mutha kumutumiza pa WhatsApp kapena pa imelo, kumuona sikuthandiza wakuba. Vuto ndi kumusintha. Ngati munthu walowa mu imelo ya likulu n'kutumizira nthambi kiyi wake m'malo mwa wa likulu, nthambi izitsekera iyeyo malipoti onse. Iye awerenga, atsekanso ndi kiyi weniweni wa likulu, n'kupititsa. Mbali zonse ziwiri ziona zinthu zikuyenda bwinobwino. Laibulale siingadziwe kuti ma byte 32 amenewa ndi a ndani, imangotsekera amene mwaipatsa.

Mankhwala ake ndi kufananiza chidindo cha kiyi kudzera m'njira ina yosiyana ndi imene kiyi anadzera:

```python
import hashlib

def chidindo(kiyi):
    h = hashlib.sha256(bytes(kiyi)).hexdigest()[:32]
    return " ".join(h[i:i+4] for i in range(0, 32, 4))
```

Mutuluka magulu 8 a zilembo zinayizinayi. Ngati kiyi anabwera pa imelo, imbiranani foni n'kuwerengerana magulu onse, kapena fananizani maso ndi maso pa msonkhano. Werengani onse 8. Anthu amatopa n'kungoona gulu loyamba ndi lomaliza, koma kupanga kiyi wabodza wofanana pa zilembo 8 zokha ndi ntchito imene kompyuta wamba imatha. Chidindo chotumizidwa mu imelo yomweyo imene munali kiyi sichitsimikiza kanthu, popeza wosintha kiyi asinthanso chidindo.

Mukatsimikiza, sungani kiyiyo pamalo okhazikika pamodzi ndi dzina la mwini wake. Pulogalamu isamalandire kiyi watsopano mwakachetechete. Kiyi akasintha, iime n'kufunsa munthu, monga imachitira SSH ikaona kuti kiyi wa seva wasintha.

## 5. Sankhani chida

Pa makiyi awiri, PyNaCl ili ndi zida zitatu, ndipo chilichonse chimalonjeza zosiyana.

Choyamba ndi `SealedBox`, chimene chimangofuna kiyi wapoyera wa wolandira:

```python
from nacl.public import SealedBox

wotsekedwa = SealedBox(wotsekera).encrypt(b"lipoti la mwezi")
woyamba = SealedBox(wotsekulira).decrypt(wotsekedwa)
```

Mkati mwake chimapanga peyala ya makiyi ya kanthawi, n'kuitaya chikamaliza. Uthenga umakula ndi ma byte 48: kiyi wa kanthawi 32 ndi chizindikiro 16. Wotumiza sangatsekulenso zimene watseka yekha, choncho ngati akufuna kope asunge padera. Chofunika kukumbukira n'chakuti `SealedBox` siinena kuti watumiza ndani. Aliyense amene ali ndi kiyi wapoyera wa likulu akhoza kulemba lipoti labodza n'kulitseka bwinobwino. N'choyenera pa bokosi la madandaulo kapena pa fomu ya pa intaneti, koma pachokha sichikwanira pa lipoti la ndalama.

Chachiwiri ndi `Box`, cha anthu awiri odziwana:

```python
from nacl.public import Box

uthenga = Box(wachinsinsi_wanga, wapoyera_wake).encrypt(b"moni")
woyamba = Box(wachinsinsi_wake, wapoyera_wanga).decrypt(uthenga)
```

Makiyi a mbali ziwiri amasakanizidwa n'kutulutsa kiyi mmodzi wogawana, yemweyo ku mbali zonse. Uthenga umakula ndi ma byte 40: nonce 24 ndi chizindikiro 16. Wolandira amadziwa kuti uthenga wachokera kwa mnzakeyo, koma sangakakhutiritse munthu wachitatu, chifukwa naye akanatha kuulemba ndi kiyi yemweyo. Palinso msampha wina wochokera pomwepo: munthu wa m'njira akhoza kutenga uthenga umene mwatumiza n'kukubwezerani, ndipo pulogalamu yanu iutsekula ngati wachokera kwa mnzanu. Lembani mkati mwa uthenga kuti ukuchokera kwa ndani ndipo ukupita kwa ndani.

Za nonce, lamulo ndi limodzi: musaipereke nokha. Mukangoitana `encrypt(uthenga)`, laibulale imapanga yatsopano n'kuiika kumayambiriro kwa zotuluka. Ma byte 24 ndi okwanira kuti ziwiri zosankhidwa mwamwayi zisakumane. Anthu amalakwa akamaika nonce yokhazikika m'kodi "kuti mayeso azitulutsa zofanana", kapena akamagwiritsa ntchito kauntala imene imayambiranso pa 0 pulogalamu ikazima. XSalsa20 imatulutsa mndandanda wa ma byte kuchokera ku kiyi ndi nonce, n'kuwasakaniza ndi uthenga mwa XOR. Nonce ikabwerezedwa, mndandandawo umakhala womwewo, ndipo wochita XOR pa mauthenga awiri otsekedwa amatsala ndi XOR ya mauthenga enieni. Ngati akudziwa umodzi, winawo wauwerenga. Kiyi wa Poly1305 amabwerezedwanso, zomwe zimatsegula njira yopangira mauthenga abodza. Kumbukiraninso kuti kiyi wogawana ndi mmodzi, ndiye mbali ziwiri zikayamba kauntala pa 0, zagundana pa uthenga woyamba womwe.

Chachitatu ndi siginecha:

```python
wosainidwa = wosainira.sign(b"lipoti la mwezi")
woyamba = wotsimikizira.verify(wosainidwa)
```

Siginecha ndi ya ma byte 64 ndipo imaikidwa kutsogolo kwa uthenga. Siibisa chilichonse, uthenga umawerengeka monga unalili. Phindu lake n'lakuti aliyense amene ali ndi kiyi wotsimikizira, ngakhale wofufuza mabuku a ndalama patapita zaka, akhoza kuona kuti fayilo inachokera kwa mwini kiyi ndipo sinasinthidwe. Mukafuna siginecha payokha, tengani `wosainidwa.signature`, ndipo potsimikiza itanani `verify(uthenga, siginecha)`, uthenga patsogolo. Ed25519 siifuna nambala yamwayi posaina, imaiwerengera kuchokera ku kiyi ndi uthenga. Izi zimachotsa ngozi imene inaululika mu 2010 pa PlayStation 3, pamene kunapezeka kuti nambala imodzi inkabwerezedwa m'masiginecha a ECDSA (njira ina yosainira), ndipo anthu anawerengera kiyi wachinsinsi wosainira mapulogalamu.

`verify` siibweza `True` kapena `False`. Ikadutsa imabweza uthenga, ikakana imaponya `BadSignatureError`. Kodi imene imagwira exception n'kupitirira ngati palibe chachitika yachotsa chitetezo chonse. Gwiritsani ntchito uthenga umene `verify` yabweza, osati kope limene munali nalo musanatsimikize.

## 6. Phatikizani: sainani, kenako tsekani

Lipoti la nthambi likufunika chinsinsi ndi umboni wa wotumiza, ndiye tiphatikiza siginecha ndi `SealedBox`. Siginecha ikhale mkati, kuti wa m'njira asaone amene wasaina. Koma kusaina lipoti lokha sikukwanira. Wolandira woipa mtima akhoza kutsekula, kutenga lipoti losainidwa, n'kulitsekera munthu wina amene angaganize kuti nthambi inalembera iyeyo. Ndiponso wa m'njira akhoza kusunga phukusi la mwezi watha n'kulitumizanso mwezi uno. Sanalisinthe, ndiye lidutsa mayeso onse. Zonse ziwiri zimatsekedwa poika mutu mkati mwa zosainidwa:

```python
import json, time

def konzani(fayilo, nambala, wosainira, wotsekera):
    mutu = json.dumps({
        "kwa": chidindo(wotsekera),
        "nambala": nambala,
        "nthawi": int(time.time()),
    }).encode("utf-8")
    mkati = len(mutu).to_bytes(2, "big") + mutu + fayilo
    wosainidwa = wosainira.sign(mkati)
    return b"\x01" + SealedBox(wotsekera).encrypt(bytes(wosainidwa))

def landirani(phukusi, yomaliza, wotsekulira, wotsimikizira):
    if phukusi[:1] != b"\x01":
        raise ValueError("mtundu wosadziwika")
    wosainidwa = SealedBox(wotsekulira).decrypt(phukusi[1:])
    mkati = wotsimikizira.verify(wosainidwa)
    n = int.from_bytes(mkati[:2], "big")
    mutu = json.loads(mkati[2:2+n])
    if mutu["kwa"] != chidindo(wotsekulira.public_key):
        raise ValueError("si lathu")
    if mutu["nambala"] <= yomaliza:
        raise ValueError("lobwerezedwa")
    return mutu, mkati[2+n:]
```

Ma byte awiri a kutalika kwa mutu ali ndi ntchito. Mukangolumikiza zigawo popanda malire omveka, "12" ndi "345" zimafanana ndi "123" ndi "45", ndipo siginecha imodzi imavomereza matanthauzo awiri. Onaninso kuti tikusaina ma byte enieni amene tikutumiza. Cholakwa chofala ndi kusaina JSON, kutumiza siginecha padera, kenako wolandira n'kupanga JSON yake kuchokera ku dictionary kuti atsimikize. Mipata kapena ndondomeko ya mayina ikangosiyana, makamaka ngati mbali ina ndi ya JavaScript kapena PHP, siginecha yoona imakanidwa.

Nambala yomaliza isungidwe mu database, payokha pa nthambi iliyonse, ndipo ikwezedwe pokhapokha phukusi litadutsa mayeso onse. Ife timakonda nambala kuposa nthawi, chifukwa mawotchi a makompyuta amasokonekera, makamaka pa makina akale amene batire ya pa motherboard inatha ndipo magetsi akazima tsiku limabwerera m'mbuyo. Nthawi ikhale yothandiza pofufuza chabe. Ngati nthambi zili zambiri, onjezani dzina la nthambi m'mutu. Likulu likhoza kuliwerenga lisanatsimikize kuti lidziwe kiyi woti litenge pa mndandanda wake wotsimikizika, koma kiyi wotsimikizira asachokere m'phukusi lomwelo. Wabodza angangoikamo wake.

## 7. Mafayilo akuluakulu

`SealedBox` imanyamula uthenga wonse mu memory, ndipo pa nthawi yotseka mumakhala makope angapo. Pa fayilo ya ma megabyte ochepa palibe vuto. Pa backup ya ma gigabyte, pangani kiyi watsopano wa ma byte 32, mumutseke ndi `SealedBox` n'kukhala ma byte 80, kenako fayiloyo muitseke m'zidutswa, mwachitsanzo za 64 KiB, ndi `crypto_secretstream_xchacha20poly1305` imene ili mu `nacl.bindings`. Imayamba ndi mutu wa ma byte 24 ndipo imaonjezera ma byte 17 pa chidutswa chilichonse. Musatseke zidutswa chimodzichimodzi ndi `SecretBox`, chifukwa wa m'njira akhoza kuzisinthanitsa, kuchotsa china kapena kudula mchira popanda woona. Secretstream imamangirira zidutswa pamodzi, koma kudulidwa mchira mumakuzindikira nokha: chidutswa chomaliza chikhale ndi `TAG_FINAL`, ndipo wolandira akane fayilo imene yatha asanaione.

Ngati cholinga ndi kungotseka mafayilo pa command line, pulogalamu ya `age` imachita kale zonsezi, ndipo `minisign` imasaina. Si manyazi kuzigwiritsa ntchito m'malo molemba kodi.

## Zikakana

`TypeError` nthawi zambiri imatanthauza kuti mwapereka `str` m'malo mwa `bytes`. Onjezani `.encode("utf-8")`. Dandaulo la kutalika kwa kiyi limabwera mukapereka Base64 osatchula `encoder`, kapena kiyi wa hex akabwera ndi mzere watsopano kumapeto, zomwe `.strip()` imakonza.

`CryptoError` potsekula siinena chifukwa, ndipo anachita dala kuti woyesayesa asaphunzirepo kanthu. Fufuzani motere. Choyamba fananizani kutalika ndi SHA-256 ya phukusi kumbali zonse ziwiri. Zikasiyana, vuto lili m'njira: fayilo yalembedwa ngati mawu ndi `"w"` m'malo mwa `"wb"`, ma byte aikidwa m'gawo la database losunga mawu, kapena Base64 yadutsa mu URL ndipo `+` wasanduka mpata. Pa URL gwiritsani ntchito `URLSafeBase64Encoder`. Zikafanana, sindikizani zidindo za makiyi. Mwina mbali ina inapanganso makiyi, kapena mu `Box` mwaika kiyi wapoyera wanu m'malo mwa wa mnzanu. Sindikizani zidindo za makiyi apoyera okha. Kiyi wachinsinsi akalowa mu log, wapita kulikonse kumene ma log amapita.

Kwa wotumiza wa pa intaneti, yankho likhale limodzi pa kulephera kulikonse. Tsatanetsatane akhale mu log ya mkati.

Lembani mayeso a zinthu zoyenera kukanidwa. Sinthani byte imodzi m'phukusi, tsekulani ndi kiyi wina, sainani ndi kiyi wachilendo, tumizani phukusi lomwelo kawiri, dulani ma byte omaliza. Zonse zisanu ziyenera kulephera. Mayeso ongoona kuti chotsekedwa chikutsekuka amadutsa ngakhale pa kodi imene siitsimikiza siginecha n'komwe.

## Zimene njirayi siichita

Kiyi wotsekulira wa likulu akabedwa, wakuba awerenga maphukusi onse akale amene anakopera. Kiyi wa kanthawi wa `SealedBox` amateteza mbali ya wotumiza yokha. Choncho sinthani makiyi otsekulira nthawi ndi nthawi, mwina chaka chilichonse, ndipo akale muwachotse pa seva. Kiyi watsopano mutha kumulengeza mu uthenga wosainidwa ndi kiyi wosainira amene anthu anatsimikiza kale, koma osati ngati ameneyo ndi amene mukumukayikira. Zikatero bwererani pa foni muwerengerane zidindo.

Kukula kwa fayilo, nthawi yotumizira ndi amene akulemberana ndani zimaonekabe. Ndipo ngati makompyuta awiri akulankhulana pompopompo, musamange njira yanu ndi `Box`. TLS 1.3, imene inakhazikitsidwa mu 2018, imapanga makiyi atsopano pa kulumikizana kulikonse. WireGuard ndi Signal nazo zimagwiritsa ntchito Curve25519, masamu amene ali pansi pa X25519, koma pamwamba pake pali ndondomeko zimene akatswiri anazifufuza kwa zaka.

X25519, Ed25519 ndi RSA zonse zingagonje kwa kompyuta ya quantum yaikulu mokwanira, malinga ndi njira imene Peter Shor anafalitsa mu 1994. Kompyuta yotere sinaonekebe poyera, koma mu Ogasiti 2024 bungwe la NIST la ku America linatulutsa miyezo yatsopano, kuphatikizapo ML-KEM yogwirizanira makiyi ndi ML-DSA yosainira. Ngati zimene mukutseka ziyenera kukhala zachinsinsi kwa zaka 20 kapena 30, ganizirani zimenezi panopa, chifukwa phukusi lokopedwa lero likhoza kusungidwa kudikira tsikulo. Byte ya `\x01` imene tinaika kumayambiriro kwa phukusi ndi ya ntchito imeneyi: mukadzasintha njira yotsekera, maphukusi atsopano adzayamba ndi `\x02`, `landirani` idzawerenga mitundu yonse iwiri kwa kanthawi, ndipo nthambi zonse zikasamuka mudzachotsa gawo la kodi lolandira `\x01`.